Amayi akuda pa uchembere ku United States ndi ku Canada

United States ndi Canada ndi mayiko oyandikana komanso olemera, koma zimene mayi wakuda woyembekezera amakumana nazo zimadalira mbali ya malire imene akukhala. Ku United States, bungwe la boma loona za umoyo la CDC linalengeza kuti m'chaka cha 2021, pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo, amayi akuda pafupifupi 70 anamwalira pa zifukwa za uchembere, pamene azungu anali pafupifupi 27. Umphawi ukuthandizira vutoli, poti kumeneko chithandizo cha kuchipatala chimayendera inshuwalansi, ndipo kwa zaka zambiri Medicaid, inshuwalansi ya boma imene imalipirira amayi osauka, inkatha patangopita masiku 60 mayi atachira.

Komabe si umphawi wokha ayi. Serena Williams, katswiri wa tenisi wa chuma chake, atabereka mu 2017 anayamba kubanika, ndipo podziwa kuti magazi ake amakonda kuundana, anapempha yekha kuti amujambule m'mapapo. Namwino poyamba anaganiza kuti mankhwala opha ululu amusokoneza mutu, koma atamujambula anapezadi magazi oundana. Ngati mayi wodziwika chonchi anachita kuumirira kuti amumvere, n'zosachita kufunsa za mayi wamba.

Ku Canada nzika silipira pobereka kuchipatala chifukwa boma la chigawo ndilo limalipira, ndipo apa ndikuona kuti dzikoli likuposa mnansi wake kutali. Chondidetsa nkhawa n'chakuti Canada sisunga mokwanira ziwerengero zosonyeza mtundu wa amayi amene amamwalira, moti n'kosavuta kuti anthu kumeneko azidzinamiza kuti tsankho la m'chipatala ndi vuto la Amereka okha. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya madokotala ya CMAJ anasonyeza kuti pakati pa 2004 ndi 2006, ana obadwa masiku asanakwane ku Canada anali 8.9 pa 100 alionse kwa amayi akuda ndi 5.9 kwa azungu, pamene ku United States anali 12.7 ndi 8.0. Ziwerengero za Canada n'zotsika ndithu, koma kusiyana kwa akuda ndi azungu sikuli kutali ndi kwa tsidya linalo, ngakhale kuti chipatala n'chaulere.

Amereka, ndi zolakwa zawo zonse, amawerenga maliro amenewa ndi kuwaulula poyera, ndipo phokoso limene linatsatira linathandiza kuti kuyambira 2022 zigawo zambiri zitalikitse Medicaid mpaka mwana atakwanitsa miyezi 12.