Zakudya za mu sitima: tikiti imodzi, bilu masamba awiri

Abale anga, angapo mwa inu mwakhala mukundifunsa ku inbox kuti ulendo wa cruise uja, wokasangalala panyanja pa sitima yaikulu ya pamadzi, unayenda bwanji, ndipo munthu akonzekere zingati. Ndiyankhe pompano kamodzi, chifukwa zithunzi zimene ndinaika zija sizinanene zonse. Nyanja inali yokongoladi, mapiri a ku Norway ngati ochita kujambula. Koma nkhani ya chakudya idakandikhalabe pakhosi.

Ine ndi bambo akunyumba tinakwera sitima yotereyi koyamba mu 2018, kunyamukira ku Southampton, ku England. Ndalama zake tinasunga chaka chathunthu, ine ndikuchezera mashifiti ausiku kosamalira okalamba. Chimene chinatikopa n'chakuti ukalipira tikiti, chakudya chili momwemo. Ndipo zinalidi choncho. Usiku wina bambo anazengereza pakati pa nyama ya nkhosa ndi nsomba, weita anangomwetulira n'kubweretsa mbale zonse ziwiri. Tsiku lina njala itandigwira cha m'ma 11 koloko usiku, ndinangoimba foni, sangweji n'kufika kuchipinda, osatulutsa ngakhale khobidi.

Chaka chatha tinabwereranso. Dzina la kampani sinditchula. Tisanatule n'komwe zikwama, anyamata ovala mwaudongo anali atatiimitsa kale pakhonde, kutitsatsa malo odyera olipira padera: uku steki, uku sushi, uku zakudya za ku Italy, ati mukagula lero mtengo ndi wotsikirapo. Madzulo ku chipinda chachikulu chodyera, kumene tikiti yathu inalipirira, menyu tinaipeza itafupika. Steki imene mu 2018 inkangobwera, tsopano ili m'munsi mwa pepala, mtengo uli pambali pake. Bambo anaiyang'ana, kuyang'ana ine, n'kuitanitsa nkhuku.

Musaganize kuti ndi tsoka lathu chabe. Makampani akuluakulu anachita kulengeza okha zimenezi. Carnival inayamba mu Novembala 2022 kulipiritsa $5 pa mbale yachitatu ya chakudya chachikulu. Royal Caribbean mu 2023 inati lobster, nkhanu yaikulu ya m'nyanja yamchere imene anthu ankaidikirira pa usiku wovala masuti, yaulere ndi imodzi basi. Yachiwiri anaiika pa $16.99, kuwonjezerapo 18 peresenti. Kubweretsa chakudya kuchipinda iwowa anayamba kulipiritsa $7.95 kuyambira 2017. Bufe (chakudya choyala patebulo kuti aliyense azidzitengera yekha) ya pakati pa usiku imene akale amasimba, yokhala ndi ziboliboli za ayezi, pa sitima zambiri inatha kalekale.

Chifukwa chake sichobisika. Mu Malichi 2020 mliri wa Covid-19 unaimitsa sitima zonse, ndipo ku America zikuluzikuluzo sizinanyamukenso mpaka Juni 2021. Sitima ikaima sikuti ndalama zimasiya kutuluka. Carnival Corporation yokha inatuluka mu mliriwo ndi ngongole yoposa madola 30 biliyoni. Wobweza ngongoleyo ndani? Ndi ife amene timajambulitsa pakhonde titanyamula kapu ya juwisi. Kwa makampani akuluakuluwa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zimene amapeza limachokera m'zimene anthu amagula atakwera kale. Choncho tikiti yotchipa ija ndi nyambo. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, ndipo pakati pa nyanja sungati ndikadyere kwina.

Koma ndisakhale ngati wongodandaula. Pa nkhani ya mbale yachitatu ija, ine ndili mbali ya kampani. Ku bufe ndinaona bambo wina ataunjika nyama, mazira, makeke ndi mavwende m'mbale ziwiri ngati kuli njala mawa. Anadya pang'ono chabe n'kudzuka, mtsikana wogwira ntchito n'kudzakokolola zonse kukataya. Ine wokulira pakhomo pamene mkute wa nsima unkasungidwa kuti ana adye m'mawa, mtima unandiwawa. Dyera lotere alilipiritse ndithu, mwinanso $5 yachepa.

Chimene ndikukana ndi china. Ndikukana kuti chakudya chimene ndalipira kale achifooketse dala pofuna kuti ndikhumbire cha pakhomo loyandikana nalo. Kale malo odyera olipira padera anali amodzi kapena awiri, opitako pa tsiku lokumbukira ukwati. Lero taonani sitima ya Icon of the Seas, imene inayamba kuyenda mu Januwale 2024 kuchokera ku Miami, ku America: imatha kunyamula alendo 7,600, malo odyera ndi oposa 20, ndipo ambiri mwa apamwambawo ndi olowa m'thumba. Mapeto ake sitima imodzi imakhala ndi mitundu iwiri ya anthu. Ena akudutsa atatchena kupita ku steki, ena tili pamzere wa bufe ndi mbale m'manja. Ndipo ifenso alendo tasintha, tisanamizane. Kuyambira pamene kampani ya Norwegian inabweretsa kadyedwe kopanda nthawi yoikika mu 2000, anthu sitifunanso kukhala tebulo limodzi ndi alendo osawadziwa 6 koloko iliyonse. Tikufuna zosankha zambiri, zooneka bwino pa Instagram. Makampani anaona njala imeneyo n'kuiikira mtengo.

Chinandipweteka kwambiri ndi ndalama yothokozera ogwira ntchito, imene amangoiika pa bilu tsiku lililonse. Norwegian inaifikitsa pa $20 munthu mmodzi patsiku mu Januwale 2023, Royal Caribbean pa $18.50 mu Novembala 2024. Werengani nokha: anthu awiri, masiku 7, pa $18.50, ndi $259 imene pa mtengo waukulu wa pa malonda paja simuiona. Usiku womaliza pa sitima yathu, mzere wa anthu okachotsetsa ndalama imeneyi unali wautali kuposa wa chakudya. Mkwiyo wawo ndinaumvetsa. Koma weita wathu anali mnyamata wa ku Indonesia, ali pa kontrakiti ya miyezi 8, ntchito tsiku lililonse lopanda Sabata. Anationetsa pafoni mwana wake amene anabadwa iye ali panyanja, sanamunyamulepo. Menyu sanafupikitse ndi iyeyo. Ine amene ndimadziwa kuwawa kwa msana pa shifiti ya maola 12, sindikanatha kukaima pamzere umenewo. Malipiro a wantchito ndi udindo wa bwana wake, awaike mu tikiti. N'zotheka: kampani ya P&O Cruises inasiya kulipiritsa ndalama imeneyi padera mu 2019.

Ndiye inu mukufunsa kuti mukonzekere zingati, musayambire pa mtengo wa pa malonda. Funsani ngati yothokozera ili momwemo. Funsani za zakumwa, chifukwa ngakhale khofi wabwino, zoziziritsa kukhosi ndi madzi a m'botolo pa sitima zambiri n'zogula, ndipo pa chilichonse amawonjezerapo 18 kapena 20 peresenti. Intaneti nayonso ndi padera. Mukaphatikiza zonsezo, yerekezani ndi sitima ina yooneka yodula koma yophatikiza zonse. Nthawi zina yodulayo ndi imene imakusiyirani chenji.

Ife m'mawa wotsika tinapeza bilu itatidikirira, masamba awiri. Bambo anavala magalasi, kukhala pa bedi, n'kuyamba kutsika nayo ndi chala mzere ndi mzere. Atafika pa madzi a m'botolo anaima nthawi yaitali, kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Amayi, madzi onsewa tinkamwa kapena tinkasamba?"