Batire yabodza ndi kuba basi

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Mchemwali wanga amagulitsa zovala pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndiye intaneti ikathima malonda akenso aima. Anakagula ka mini UPS, kabokosi ka batire kosunga magetsi, m'tauni kuti rauta yake isamazime magetsi akapita. Wogulitsa anachita kulumbira kuti kagwira tsiku lonse. Magetsi atazima, ola lisanathe n'komwe, kanali kataferatu. Atabwerera nako, yankho la wogulitsayo akuti katundu akatuluka sabwezedwa. Kumeneku ndi kuba!

Inu ogulitsa, lekani kutinamiza. Rauta sidya magetsi ambiri ayi. Tembenuzani chaja chake muwerenge, zambiri zimalembedwa 12V 1A, kutanthauza kuti sizipitirira mawati 12. Timabatire ta lithium tam'kati mwa timakina timeneti ndi ta 3.7V, choncho ngati mphamvu imene kamasunga ilidi 10,000mAh monga mwalembera pabokosi, kayenera kuyendetsa rauta pafupifupi maola atatu, mwinanso kuposerapo. Osati tsiku lonse monga mumanenera, komanso osati mphindi zochepa. Kakafa ola lisanathe ndiye kuti nambala ili pabokosiyo ndi bodza lamkunkhuniza. Mwina m'kati muli timabatire totopa tochotsedwa m'malaputopu akufa, kunja kuli pulasitiki yonyezimira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zoti magetsi athu amadalira mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, aliyense akudziwa. Mdima womwe tinauona Kapichira itaonongeka ndi namondwe wa Ana mu 2022 sitinauiwale. Imeneyo ndi nkhani ina. Yanga lero ndi ya munthu amene amaona anzake ali pamavuto, iye n'kuonapo mpata wodyera.

Mayi wochita geni, mwana wasukulu amene akufuna kutumiza ntchito yake usiku, munthu wodikira uthenga wa mwana wake ali ku Joni, onsewa amachita kusunga ndalama pang'onopang'ono kuti agule kanthu kameneka. Inu n'kuwapatsa chinthu chakufa mukudziwa. Mulibe chisoni? Ngati kamagwira ola limodzi, nenani kuti ola limodzi, munthu asankhe yekha. Ngati simukudziwa, kalumikizeni ku rauta pashopu pomwepo tione tonse. Koma kumuyang'ana munthu m'maso n'kumuuza kuti tsiku lonse, ndikubwerezanso, ndi umbava. Bola wakuba wothyola zenera, amadziwika kuti ndi wakuba.

Ndiye pali enanso aja amene munthu akangofunsa za rauta amamukakamiza kugula inveta yaikulu, makina osandutsa magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba, ndi batire ya galimoto, ndalama zankhaninkhani. Magetsi achoke pa 12V, akwere pa 230V, chaja chiwatsitsenso pa 12V, mphamvu ina ikungotayika panjira. Pa rauta imodzi yokha!

Ndipo ngakhale rautayo iyake bwanji, magetsi akakhalitsa osabwera netiweki nayo imagwa, pomwe bandulo ikungowerenga masiku ake osaima. Bandulo imeneyo atibwezera ndani?