Nanga rally mwaisiyiranji?

A mtolankhani, mwati mpikisano wa magalimoto ndi wa azungu chifukwa Formula 1, ija ya magalimoto aliwiro ozungulira pa bwalo la phula, inafika komaliza mu Africa muno mu 1993, ku Kyalami, m'dziko la South Africa. Nanga rally mwaisiyiranji? Kumeneko sazungulira pa phula ayi. Amanyamuka imodziimodzi m'misewu ya fumbi ndi matope, wina pa chiwongolero, mnzake akumuwerengera makhota a kutsogolo. Safari Rally ya ku Kenya inayamba mu 1953, ndipo mu 2021 inabwereranso mu mpikisano wa dziko lonse. Anzathu a ku Zambia nawonso amachititsa yawo. Ife kuno ku Mchinji, amene timakankha magalimoto m'matope dzinja lililonse, imeneyi ndiye ingatikome. Anyamata a njinga zamoto musatengerepo mwayi, anzanuwo msewu amayamba autseka.