Prego wa ku Maputo akafika ku Johannesburg amakhalabe yemwe uja?

Kuchokera ku Maputo kukafika ku Johannesburg, kudzera pa chipata cha Ressano Garcia, ndi mtunda wosakwana makilomita 600. Wochokera ku Durban amayendanso mtunda wonga womwewo. Misewu iwiriyi inabweretsa zakudya ziwiri zapabuledi mumzindawu, prego wa ku Mozambique ndi bunny chow wa ku Durban, ndipo eniake a zakudya zonsezi akalawa za ku Johannesburg amapukusa mutu. Koma chimene amadandaula n'chosiyana, chifukwa anthu a mayiko awiriwa buledi samuona mofanana.

Ku Mozambique buledi sasewera naye. Pão, buledi wawo, amaphikidwa tsiku ndi tsiku, kunja amakhala wolimba, mkati wofewa, ndipo akagona tsiku limodzi wasanduka chinthu china. Mu September 2010, mtengo wake utakwera ndi 30 peresenti, anthu ku Maputo ndi ku Matola anatseka misewu, ena anafa, boma mpaka linabweza mtengowo. Amene amayenda pa basi kuchokera ku Blantyre kudzera ku Zóbuè ndi Tete akumudziwa buledi ameneyu.

Prego anabwera ndi Apwitikizi, ndipo alibe zambiri. Amadula nyama ya ng'ombe mopyapyala, kuimenya kuti ifewe, kuithira adyo, kuikazinga msangamsanga, basi n'kuilowetsa mu pão. Tsabola wa piri-piri wofuna amathira yekha. Ntchito yaikulu imagwera buledi: ayamwe msuzi wa nyamayo koma asaphwanyike m'manja. Mukachotsa pão n'kuikapo banzi lofewa lotsekemera ngati la baga, msuzi umalilowerera, ndipo musanafike pakati mwagwira phala.

Mozambique italandira ufulu mu 1975, Apwitikizi ambiri anasamukira ku South Africa, ena n'kukakhala kummwera kwa Johannesburg, madera ngati Rosettenville. Kumeneko n'kumenenso lesitilanti ya nkhuku ya Nando's inayambira mu 1987. Prego anakhazikika, koma anasintha. Lero ku South Africa mupeza prego wa nkhuku, wina wothira tchizi, ndipo msuzi wake amagulitsa wa m'botolo m'masitolo. Kwa anthu ambiri kumeneko, prego ndi msuziwo, wofiira, wowawa tsabola. Munthu wa ku Maputo akaona zimenezi amafunsa za buledi, wogulitsa osamvetsa n'komwe chimene chalakwika.

Wogulitsayo sindimuimba mlandu, chifukwa kwawo buledi ndi mbale yodyeramo chabe. Taonani bunny chow, amene anayambira pakati pa Amwenye a ku Durban. Amatenga buledi woyera wamba wosadula, wa m'sitolo, kudula kota kapena theka, kukumba mkati, n'kuthiramo kale (curry) ya nyama ya nkhosa kapena ya nyemba. Pambali amaika karoti wopala wosakaniza ndi anyezi ndi tsabola, ndipo amadya ndi manja. Wa ku Durban akadandaula ku Johannesburg sanena za buledi. Amati kale yake ndi yozizira mkamwa, tsabola wachepa, mbatatesi sinafewere mumsuzi. Akaona wina akudya ndi foloko ndiye amangoyang'ana kumbali.

Kota wa ku Soweto ndi makomboni ena ndiye alibiretu lamulo. Ndi kota ya buledi yomwe ija, koma mumalowa tchipisi, poloni, atchar, soseji, dzira, tchizi, malingana ndi thumba lanu. Ku Pretoria amamutcha sphatlho. Chakudya chotere n'chovuta kuchinena kuti n'chabodza, chifukwa ngakhale kwawo komweko ma spaza (timagolosale ta m'makomboni) awiri oyandikana sapanga mofanana. Gatsby, chakudya chapabuledi cha ku Cape Town, amene Rashaad Pandy anayamba kugulitsa ku Athlone mu 1976, amangofuna kuti akhale wamtali, wodzaza tchipisi, woti anthu anayi agawane.

Ndiye ine ndimati chakudya cha ku South Africa chimayenda bwino kuposa cha ku Mozambique. Zokometsera za curry mutha kuzinyamula m'chikwama kuchoka ku Durban, wophika waluso n'kuphika bunny chow woti wa ku Durban avomereze, ngakhale monyinyirika. Pão sanyamulika. Amafuna wophika buledi pafupi, wodzuka usiku, ndi ogula okwanira kuti buledi athe tsiku lomwelo. Malo a Apwitikizi ku Johannesburg amene amaphika okha buledi wawo amapanga prego woona. Enawo akugulitsa prego wa ku Johannesburg, wokoma ndithu, ndipo ndilibe naye vuto malinga ngati pa chikwangwani sanalembe kuti ndi wa ku Mozambique.

Komanso prego sindiye amene anthu wamba ku Maputo amadya m'mawa. Iwo amagula pão com badjia, buledi woikamo tizitumbuwa ta khobwe wopera, tokazinga pamsewu pomwepo, chakudya cha ana asukulu ndi apantchito. Malesitilanti a ku Johannesburg onyadira zakudya za ku Mozambique amatsogoza nkhuku ya piri-piri, nkhanu za m'nyanja ndi prego. Wofuna badjia ayenera kufunsa anthu a ku Mozambique okhala m'makomboni kuti amene amakazinga ali pati.