Chenjezo kwa otsatsa mankhwala kwa madokotala

Zandinyansa kwambiri zimene ndamva posachedwapa kwa mnyamata wina wakwathu amene amagwira ntchito yotsatsa mankhwala kwa madokotala ku America. Iye amafotokoza monyadira kuti abwana awo anawalangiza kuti akamagulira dokotala nkhomaliro, azimunong'oneza kuti mankhwala awo amachizanso matenda ena amene bungwe la boma loona za mankhwala la FDA silinavomereze, ndipo akuti mnzawo amene anakana kuchita zimenezi akumutcha kazitape. Kodi ana inu, mitu yanu ikuyenda bwino?

Dokotala ali ndi ufulu wolembera wodwala mankhwala monga waonera, koma kampani ilibe ufulu wowatsatsa pa matenda amene sanavomerezedwe, ndipo zimenezi mukuzidziwa bwino lomwe. Kodi mwaiwala Neurontin, mankhwala a khunyu, amene kampani ya Parke-Davis inkawatsatsa ngati othandiza mutu waching'alang'ala ndi matenda a maganizo? Anaulula ndi David Franklin, wantchito wa kampani yomweyo, amene anakasuma mu 1996, ndipo mu 2004 kampani ya Warner-Lambert, mwini wa Parke-Davis, inalipira madola 430 miliyoni. Nanga Zyprexa, mankhwala a matenda a maganizo, amene kampani ya Eli Lilly inkawakankhira kwa nkhalamba zodwala matenda oiwalaiwala, pamene mankhwala otere amawonjezera chiopsezo cha imfa kwa okalambawo? Akanakhala agogo anu, mukanaseka? Nanga Paxil, mankhwala a matenda ovutika maganizo, amene kampani ya GlaxoSmithKline inkawatsatsa kuti azipatsidwa kwa ana osakwana zaka 18, mpaka inavomera mlandu mu 2012 n'kulipira madola 3 biliyoni pa milandu imeneyi ndi ina?

Koma nkhani imene muyenera kuiganizira kwambiri ndi ya Bextra, chifukwa amene anaiulula anali wotsatsa mankhwala ngati inu nomwe. John Kopchinski, wantchito wa kampani ya Pfizer, anaona kuti mankhwalawa, amene anavomerezedwa pa nyamakazi ndi kupweteka kwa pa nthawi ya msambo, akutsatsidwa pa ululu wina, ndiponso pa mlingo woposa umene unaloledwa. Anadandaula kwa akuluakulu ake, anachotsedwa ntchito mu 2003, ndipo anadikira zaka 6 kuti Pfizer ilipire madola 2.3 biliyoni mu 2009. Pofika nthawi imeneyo Bextra anali atachotsedwa kale pamsika mu 2005 chifukwa choopsa ku mtima ndi pakhungu. Ena amati ankangofuna ndalama, popeza lamulo la False Claims Act limapatsa woulula gawo la ndalama zimene kampani yolakwa yalipira ku boma, ndipo iye analandira madola oposa 51 miliyoni. Chabwino, analandiradi. Nanga inu amene mumanyenga madokotala kuti muwonjezeredwe kabonasi pakutha pa mwezi, mumafuna chiyani?

Musaganize kuti abwana amene akukutumaniwo adzakuimirirani kukhoti, chifukwa mauthenga amene mukulemba ndi dzina lanu ndi amene adzawerengedwe pamaso pa woweruza. Ndipo inu madokotala amene mumalemba mankhwala chifukwa cha chakudya chaulere ndi maulendo okasangalala, manyazi mulibe? Lekani zimenezi msanga, odwala si msika wanu.