Musangodikira nyundo mu Symphony 6 ya Mahler

Ndaona timakanema tambiri ta masekondi 20 toonetsa munthu akukweza chinyundo chathabwa n'kumenya bokosi pakati pa oyimba, anthu n'kumaseka m'makomenti. Maganizo anga ndi akuti amene amangoona pamenepo waphonya chigawo chonse chomaliza cha Symphony 6 ya wolemba nyimbo Gustav Mahler, nyimbo yaitali ya gulu lalikulu la zoyimbira, ija amaitcha Tragic. Nyundoyo imapweteka chifukwa cha zimene zimabwera isanagwe.

Mahler analemba nyimboyi mu 1903 ndi 1904 ku Maiernigg, ku Austria, ndipo anaitsogolera yekha poyamba ku Essen, ku Germany, pa 27 May 1906. Chigawo chomalizachi chimatenga pafupifupi mphindi 30, choncho khalani pansi, musamvetsere mukutsuka mbale.

Musanafike kumeneko, phunzirani chizindikiro chimodzi m'chigawo choyamba. Malipenga amaliza chord (mawu angapo olira pamodzi) yowala ya A major, kenaka liwu lapakati lokha limatsika pang'ono, kuchoka pa C sharp kufika pa C, chord ija n'kuda, n'kukhala A minor. Pansi pake ng'oma za timpani zimagunda ngati asilikali akuguba. Khutu likagwira zimenezi, chigawo chomaliza chimamveka, chifukwa chizindikirochi chimabwerabwera.

Chiyambi chake n'chachimbuuzi. Azeze ndi celesta (chida chonga piyano yaing'ono, cholira ngati timabelu) amayamba, mavayolini n'kukwera m'mwamba, chizindikiro chija n'kuwagwetsa. Kenaka tuba, lipenga lalikulu la mawu akuya, imang'ung'udza pansi yokhayokha, mabelu akulira chapatali. Apa mpamene foni imakunamizani, chifukwa sipika yake siitulutsa mawu akuya, ndiye mumangomva ngati palibe chikuchitika. Valani mahedifoni.

Tsono tcherani khutu pa zimene zimachitika nyundo isanagwe. Nyimbo imakwera, imawala, malipenga a horn, omwe alipo 8, amayimba ngati chipambano chili pakhomo. Ukangoyamba kukhulupirira, phi! Oyimba amadzuka, amamanganso, amafikanso pamwamba, phi kachiwiri. Pakatikati pamamveka mabelu a ng'ombe, ngati msipu wakutali umene sungabwererekonso. Kwa ine mbali imeneyi imalasa mtima kuposa phokoso lonse.

Mahler analamula kuti nyundoyo imveke mwachidule, mwamphamvu, koma mosalira ngati chitsulo, ikhale ngati nkhwangwa ikugwera pamtengo. Zimavuta. Bokosi likakhala laling'ono kapena thabwa louma kwambiri limangoti thwa, osati phi. Komanso chinyundocho n'cholemera, womenyayo ayenera kuyamba kuchitsitsa kugunda kusanafike. Akachedwa pang'ono chabe, mumamva oyimba kaye, nyundo pambuyo, mphamvu yonse n'kutha.

Nanga nkhonya za nyundoyi zikhale ziwiri kapena zitatu? Buku loyamba kusindikizidwa linali ndi zitatu, Mahler atakonzanso anachotsa yachitatu. Wotsogolera oyimba wa ku America, Leonard Bernstein, ankaibwezeretsa. Mkazi wa Mahler, Alma, ndiye anafalitsa zoti nkhonya zitatuzo zinalosera mavuto a mu 1907: imfa ya mwana wawo Maria, matenda a mtima a Mahler, ndi kuchoka kwake pa ntchito yotsogolera nyumba ya opera ku Vienna. Nkhani yokoma ndithu, koma nyimbo inali italembedwa kale zaka zitatu m'mbuyomo, m'nyengo imene banjali linali pamtendere. Ine ndimaima ndi ziwiri. Pamalo a yachitatu khutu limakhala likudikira, mapewa atakwera kale, koma nkhonya siibwera, ndipo umazindikira kuti womenyedwayo anagwa kale, palibenso chifukwa chomumenyera.

Chenjezo lenileni lili pa mphindi ziwiri kapena zitatu zomaliza. Matrombone ndi tuba amayimba pang'onopang'ono ngati nyimbo ya pamaliro, mawu amazilala, mpaka zeze wamkulu wa bass akungonong'ona. Ambiri apa amakweza voliyumu. Musakhudze! Ikani voliyumu pa mlingo umene nyundo yoyamba inamveka bwino, muisiye pomwepo. Gulu lonse limaphulika mwadzidzidzi ndi chord ya A minor, ndipo ulendo uno A major yowala ija palibe, mdima umangobwera wokha. Timpani zimagunda kuguba kuja komaliza, zikufooka, kenaka zingwe zimakodoledwa ndi chala kamodzi, motsitsa, pa liwu la A.

Mukamaonera kanema wa konsati, yang'anani dzanja la wotsogolera pamenepo. Wodziwa ntchito salitsitsa msanga, amaligwira m'mwamba masekondi angapo kuti anthu asaombe m'manja.