Bwana, mesenjala ndi ntchito zisanu

(Mu ofesi ina ku Blantyre, 4 koloko madzulo)

BWANA: Iwe tabwera kuno. Mamawa ndinakutuma ntchito zingati?

MESENJALA: Zisanu bwana.

BWANA: Wachita zingati?

MESENJALA: Ziwiri ndi hafu.

BWANA: Hafuyo ndiye chani?

MESENJALA: Ku banki ndinapita bwana, ndaima pa mzere kuyambira 2 koloko mpaka miyendo kuchita dzanzi, koma nditafika pa kawunta ndinaiwala kuti ndabwera kudzasiya ndalama kapena kudzatenga, ndiye ndangowapatsa moni n'kubwerako.

BWANA: Mesa ndimakuuza daily kuti uzilemba?

MESENJALA: Ndinalemba! Pa dzanja apa ndi bolopeni, chala chilichonse ntchito yake. Chachikulu ku positi, cha mkombaphala kukagula tona ya printa, chapakati banki, enawo ndaiwala.

BWANA: Nanga zapita kuti?

MESENJALA: Lunch bwana. Nsima ya therere pa Ginnery Corner paja. Ntchito zitatu ndadya.

BWANA: Ayi iwe undipha. Anzako masiku ano zonse amaika pa Google Calendar, nthawi ikakwana foni imalira yokha, sikuti mpaka munthu achite kukumbukira ayi. Taona yangayi, ndikuphunzitse.

MESENJALA: Yathimatu bwana.

BWANA: Magetsi anapita usiku kwathu. Power bank anatenga madam. Koma zonse zili momwemo, zili bwinobwino.

MESENJALA: Zanganso zili m'mimbamu bwinobwino.

(Akulowa sekilitale atanyamula kope lachikuto cholimba, lakuda lija, makona ake atatha kale)

SEKILITALE: Bwana pepani, lero ndi pa 14, PAYE ija, msonkho wa pa malipiro a antchito, mwasainira? A MRA sadikira munthu, likadutsa lero ndi penate.

BWANA: Pa 14? Mesa ndi pa 25?

SEKILITALE: Pa 25 ndi VAT. Komanso anthu a ku Limbe aja anakudikirani kuyambira 10 koloko, amwa tiyi kawiri, shuga wa ofesi watha, apita.

BWANA: Aaa mayi, bwanji osandikumbutsa?

SEKILITALE: Ndinamata kapepala kachikasu pa kompyuta yanu, ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu mpaka kudula mzere kunsi kawiri.

BWANA: Kali kuti?

SEKILITALE: Munalemba kuseli kwake nambala ya Airtel Money ya makaniko wanu, n'kumupatsa mlonda kuti akatumize. Mlondayo ndi amene wabwera kudzandifunsa kuti kodi miting'i ya ku Limbe apite iyeyo?

MESENJALA: Akanangopita, jekete ali nayo.

BWANA: Iwe khala chete! Chinanso chilipo m'kopemo?

SEKILITALE: Chimodzi basi. Ana kusukulu, 3 koloko.

BWANA: Pano ili bwanji?

SEKILITALE: Yadutsa 4. Ahedi aimba kawiri pa foni yanga, madam katatu, kachitatuko sanapereke ndi moni womwe.

BWANA: Mayo ine! Makiyi agalimoto ali kuti? Ayi dikirani kaye, tiyambe ndi chani, ana kapena MRA?

SEKILITALE: Sainani apa kaye, MRA ndithana nayo ine pa Msonkho Online. Za madam muthana nazo nokha, zimenezo m'kope mwanga mulibe.

BWANA: Iwe, tandibwereka bolopeni yakoyo ndilembe za mawa ndisanaiwale. 8 koloko kupepesa a ku Limbe, 9 koloko kugula shuga...

MESENJALA: Dzanja lamanzere bwana, lamanzere! Lamanjalo mudyera madzulo ano. Ngati akupatseni.